N'chifukwa chiyani apongozi anga adakaikidwa kutchalitchi chotsekedwa?

Funso: Ndine mayi wa ku Dedza, ndidakwatiwa ku Wisconsin. Apongozi anga aamuna atamwalira ku Minneapolis, kumene adagwira ntchito moyo wawo wonse, tidayenda ndi maliro maola anayi kukawaika pa katchalitchi ka Lutheran kumadzulo kwa Minnesota, pakati pa minda ya chimanga. Katchalitchiko kadatsekedwa kale, ndipo palibe wachibale amene amakhala pafupi. Chodabwitsa china, pamtunda wosakwana makilomita awiri pali tchalitchi chinanso cha Lutheran, ndipo abale ena adagona kumeneko. Atisiyira bokosi la mapepala a Chinorway, pena dzina la agogo ndi Knudsen, pena Haugen. Amuna anga amangoti makolo awo adachokera ku Norway, basi. Ana ayamba kufunsa. Kodi tchalitchi chimenechi chinali chiyani kwa banjali, nanga tiyambire pati?

Yankho: Mayi, pepani ndi zovutazo. Ulendo umene mudayendawo si wachilendo kwa munthu wa ku Dedza. Kwathu munthu angathe zaka makumi anayi pantchito ku Blantyre, n'kumanga nyumba yake ku Chilomoni, koma tsiku lake likakwana abale amafunafuna lole yomutengera kumudzi. Apongozi anu nawonso adapita kumudzi. Chimene chidakusokonezani n'chakuti mutafika simudauone mudziwo: panalibe nyumba zoyandikana, panalibe bwalo, panalibe nyakwawa yokulandirani. Kudera limenelo mudzi wotero sudakhalepo n'kale lonse. Ntchito zonse za mudzi zidasenzedwa ndi katchalitchi kamene mudakaonako.

Zidayamba ndi kagawidwe ka malo. Boma la America lidajambula mizere yowongoka pa dziko lonse la kumadzulo, n'kulidula m'zigawo za maekala 640, chigawo chilichonse n'kuchidulanso panayi. Lamulo la 1862 lotchedwa Homestead Act linkapatsa munthu maekala 160, amene ndi mahekitala pafupifupi 65, pokhapokha amangepo nyumba, azilima, ndipo akhalepo zaka zisanu. Tsono banja lililonse lidakakhala pamunda pake, lokhalokha. Utsi wa mnansi unkaoneka chapatali. Chipale chofewa chikagwa mu Disembala, mayi ankatha masabata osaona nkhope ya mayi mnzake. Malo amodzi okha ndiwo ankasonkhanitsa anthu onse, ndipo ankawasankha powerengera mtunda umene hatchi ingakoke ngolo kupita ndi kubwera, mwini wake n'kupezanso nthawi yokama ng'ombe madzulo. N'chifukwa chake matchalitchi amenewa ali ngundangunda m'minda, kutali ndi tauni.

Anthu ake anali ndani? M'zaka pafupifupi 100 kuyambira 1825, pamene kasitima kotchedwa Restauration kadanyamuka ku Stavanger ndi anthu 52, anthu a ku Norway okwana pafupifupi 800,000 adawoloka nyanja. Poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu a m'dziko, ndi Ireland yokha imene idataya anthu ambiri kuposa pamenepa. Chidawatulutsa kwambiri ndi kuchepa kwa nthaka. Mu 1801 Norway inali ndi anthu osakwana 900,000, pofika 1865 anali 1.7 miliyoni, m'dziko la mapiri ndi miyala. Munda unkagwera mwana wamwamuna woyamba. Aang'ono ake ankasanduka antchito kapena alimi obwereka kamunda kwa mwini malo n'kumalipira ndi thukuta, amene ankatchedwa husmann.

Koma sankapita mwachisawawa. Mmodzi ankatsogola, n'kulemba kalata kwawo, kalatayo n'kuwerengedwa nyumba ndi nyumba m'chigwa chonse. Kenako ankatumiza tikiti ya mlongo wake, mlongoyo n'kuitana bwenzi lake, bwenzilo n'kubwera ndi makolo. Pakutha pa zaka makumi awiri chigwa china cha ku Norway chinali chitadzalidwanso ku America, anthu omwewo, kalankhulidwe komweko, mikangano yomweyo. Mukadzayenda m'boma la Goodhue ku Minnesota mudzapeza mipingo ya mayina monga Vang, Gol ndi Urland, mayina otengedwa kwawo. Choncho musanatsegule n'komwe bokosi la mapepala, yang'anani dzina la mpingowo. Ngati si dzina la m'Baibulo monga Zion kapena Bethlehem, kawirikawiri likulozerani chigwa chimene oyambitsa ake adachokera.

Pali chinthu chimodzi chimene ana a ku America a masiku ano sachimvetsa msanga. Ku Norway mpingo unali wa boma. M'busa anali wantchito wa mfumu, wophunzira kuyunivesite, wokhala m'nyumba yaikulu, ndipo mlimi ankamuvulira chipewa. Munthu sankasankha mpingo, ankangobadwiramo. Atafika ku America adapeza kuti palibe amene adzawamangire tchalitchi kapena kuwalipirira m'busa. Akafuna kuti mwana abatizidwe, anayenera kukhala pansi okha, kulemba malamulo a mpingo, kusankha akuluakulu, kusonkha ndalama kapena tirigu, n'kulemba kalata yoitana m'busa. Munthu amene kwawo analibe ngakhale mpando wakutsogolo m'tchalitchi tsopano ankakweza dzanja povotera malipiro a abusa. Ine ndimaona kuti kunyadira katchalitchi kumene kudafika mpaka kwa apongozi anu kudachokera pamenepa. Si kukongola kwa nyumbayo ayi. Ndi yakuti agogo awo adatuta okha miyala ya maziko ake.

Nthawi zambiri manda ndiwo ankayamba, tchalitchi n'kubwera pambuyo. Mwana akamwalira m'chaka choyamba, mlimi wina ankapereka ngodya ya munda wake pakamtunda, ndipo mapemphero ankachitikira m'nyumba za anthu kapena m'sukulu kwa zaka zisanu, pena khumi. Ku Muskego ku Wisconsin, kumene kudamangidwa chimodzi mwa matchalitchi oyamba a anthuwa ndi mitengo yosema m'zaka za 1843 mpaka 1845, anthu ankayamba apempherera m'khola la mlimi wina, Even Heg. Tchalitchicho chikadalipo. Chidaphwasulidwa n'kukamangidwanso mu 1904 ku St. Paul, pa sukulu ya ubusa imene pambuyo pake idatchedwa Luther Seminary, ndipo mungapite ndi ana kukachiona.

Abusa anali ochepa zedi. U. V. Koren, amene adafika ku Washington Prairie pafupi ndi Decorah ku Iowa pa nyengo ya Khirisimasi mu 1853 n'kutumikira komweko mpaka imfa yake mu 1910, poyamba ankayendera midzi yomwazikana kumpoto chakum'mawa kwa Iowa mpaka kulowa mu Minnesota. Mpingo wina unkaona m'busa kamodzi pa miyezi ingapo. Amene ankagwira mpingo masiku onsewo anali munthu wotchedwa klokker. Ameneyu ankayambitsa nyimbo, kuwerenga pemphero lotsegulira ndi lotsekera, kuwerenga ulaliki wa m'buku abusa kulibe, ndipo kawirikawiri ankaphunzitsanso ana sukulu ya Chinorway ya milungu ingapo pamene sukulu ya boma yatsekera. Amene mudakulira m'mipingo ya kwathu yokhala ndi nthambi zambiri, kumene mkulu wa mpingo ndiye amaika maliro abusa ali kutali, mukumudziwa munthu ameneyu.

M'bokosi mwanumo ndikukhulupirira kuti muli chikalata chokongoletsedwa ndi maluwa, mwinanso chithunzi cha anyamata ndi atsikana ovala bwino atazungulira m'busa. Chimenecho ndi cha konfirmasjon, mwambo wotsiriza kalasi mwana asanayambe kudya mgonero. Ku Norway udakhala lamulo kuyambira 1736, ndipo munthu wosaupyola ankavutika kukwatira ngakhale kupeza ntchito. Mwana wa zaka 14 kapena 15 ankayenda kwa abusa sabata ndi sabata kukaloweza katekisimu ya Luther pamodzi ndi buku la Erik Pontoppidan la 1737 lofotokoza katekisimuyo, limene linali ndi mafunso 759, ngakhale ambiri ankagwiritsa ntchito lofupikitsidwa. Tsiku lake ana ankaimikidwa m'kanjira ka pakati pa mipando n'kufunsidwa pamaso pa mpingo wonse. Chinali chinamwali chawo. Akatuluka pamenepo mnyamata ankavala buluku lalitali n'kukayamba ganyu, mtsikana ankatha kupita kutauni kukagwira ntchito ya m'nyumba.

Ndipo musanamizidwe ndi mabuku a misonkhano ya mpingo, amene ali ndi mayina a abambo okhaokha chifukwa amayi adachedwa kupatsidwa voti. Ndalama zambiri zogulira belu, limba, chithunzi cha paguwa ndi mbaula zidachokera ku bungwe la amayi lotchedwa kvindeforening, Chigwirizano chawo tinene. Ankakumana m'nyumba mosinthana, kusoka, kuluka, kugulitsa pa okushoni, kuphika chakudya cholipiritsa. Mgonero wa nsomba yonyikidwa m'chidulo yotchedwa lutefisk ndi mkate wopyapyala wa mbatata wotchedwa lefse, umene mwina apongozi anu aakazi adakudyetsani kale (za nsombayo sindifunsa kuti mudaimva bwanji), udatchuka m'zipinda za pansi pa matchalitchi omwewa. Bukhu la msungichuma wa amayiwa likapezeka, muli mayina a agogo aakazi amene sadalembedwe kwina kulikonse.

Tibwere tsono ku matchalitchi awiri oyandikana aja, pakuti pamenepa m'pamene pali nkhani.

Anthuwa adawoloka nyanja atagawanika kale mumtima. Mbali ina inali ya otsatira Hans Nielsen Hauge, mlimi amene adayendayenda m'Norway kulalikira kutembenuka mtima, n'kutsekeredwa m'ndende kuyambira 1804 mpaka 1811 pa mlandu wochititsa misonkhano ya mapemphero popanda chilolezo cha m'busa. Anthu ake ankakonda mapemphero a m'nyumba, umboni, ulaliki wa munthu wamba, ndipo ankakayikira mkanjo ndi kolala ya abusa a boma. Ku America mtsogoleri wawo woyamba anali Elling Eielsen, amene adakhazikitsa gulu lake mu 1846. Mbali inayo inali ya abusa ophunzira ochokera ku Christiania (lero Oslo), oyamba ake J. W. C. Dietrichson amene adalalikira pansi pa mitengo ku Koshkonong ku Wisconsin mu 1844. Amenewa adapanga sinodi yawo mu 1853, yosunga mwambo wonse wa kwawo, ndipo idagwirizana kwambiri ndi Ajeremani a Missouri Synod pa nkhani ya chiphunzitso.

Mgwirizano umenewo udabala mikangano iwiri. Woyamba unali wa ukapolo m'zaka za m'ma 1860. Abusa a sinodi adati kusunga kapolo si tchimo pakokha ngakhale ndi choipa, pamene alimi ambiri, amene ana awo ankafa kunkhondo yothetsa ukapolo womwewo, sadafune kumva zimenezo. M'busa C. L. Clausen adatuluka mu 1868. Wachiwiri ndi umene ndikuuganizira kwambiri pa nkhani yanu, chifukwa kumadzulo kwa Minnesota kudadzaza anthu m'zaka za m'ma 1870 ndi 1880, nthawi yomwe moto wake udabuka. Funso linali lakuti: kodi Mulungu posankhiratu opulumuka adangosankha mwa chisomo chake chokha, kapena adasankha ataoneratu amene adzakhulupirire? Mwina mukuseka kuti alimi a tirigu angadane pa zimenezi. Adadana. Ambiri adaloweza ali ana chiphunzitso cha funso 548 m'buku la Pontoppidan, chakuti Mulungu adasankha ataoneratu amene adzakhulupirire, ndipo ankaona ngati abusa akuwalanda chimene adaphunzira kwa amayi awo. Ankatsutsana m'sitolo, popuntha tirigu, pamaliro. Mu 1883 mpingo wa Norway Grove ku Wisconsin udachotsa m'busa wake H. A. Preus, amene anali pulezidenti wa sinodi yonse. Pofika 1887 pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a sinodi lidatuluka, ndipo mu 1890 lidalowa mu mpingo watsopano wa United Church. Mu 1897 kudabadwanso Lutheran Free Church kuchokera pa mkangano wa sukulu ya Augsburg.

Pansi pamudzi zinkatha chonchi: mpingo ukavota, ochepa ankatuluka, pena nkhani ya nyumba n'kukafika kukhoti, ndipo otulukawo ankamanga chawo pamalo oonekera kuchokera pakhomo la anzawo. Ku Koshkonong mpaka lero kuli West Koshkonong ndi Western Koshkonong moyandikana. Abale a mimba imodzi ankadutsana ndi ngolo Lamulungu m'mawa. Sindinena kuti zonse zinali zaumulungu. Amene wawerenga mabuku a misonkhano imeneyi amaona kuti mzere wogawa anthu unkatsatanso zigwa za kwawo, ngongole, malire a minda, ndi kuti ndani adakwatira mwana wa yani. Mipingo itatu ikuluikulu idagwirizananso mu 1917, koma chikalata chosainidwa mumzinda sichisuntha manda. Matchalitchi awiri ambiri adakhalabe awiri kwa zaka zina makumi anayi kapena kuposa, pena akugawana m'busa mmodzi. Choncho fufuzani chaka chimene tchalitchi chachiwiricho chidayamba. Chikakhala pakati pa 1885 ndi 1900, mwapeza chifukwa chake abale adagona kuwiri. Chikapezeka kuti n'cha anthu a ku Sweden kapena Ajeremani, ndiye kuti nkhani ndi ya ukwati: wina adakwatira kunja kwa mtundu.

Mikangano imeneyi ili ndi mchira wake ngakhale kwathu. Kagulu kamene kadakana mgwirizano wa 1917 kadakumana ku Lime Creek ku Iowa mu 1918, ndipo lero ndi Evangelical Lutheran Synod ya ku Mankato, imene imayenda limodzi ndi Wisconsin Synod. Amishoni a Wisconsin Synod ndiwo adafika ku Malawi mu 1963 n'kuyambitsa ntchito ya Lutheran Church of Central Africa. Ambiri aja amene adagwirizana mu 1917, atadutsa m'migwirizano ya 1960 ndi 1988, ali mu Evangelical Lutheran Church in America (ELCA), ndipo sinodi yake ya kumpoto chakumadzulo kwa Wisconsin ili paubale ndi Evangelical Lutheran Church in Malawi, imene idayamba mu 1982.

Za mayina awiri, musade nkhawa, si anthu awiri ndipo palibe amene ankathawa mlandu. Mlimi wa ku Norway anali ndi mayina atatu. Loyamba la ubatizo, tinene Ole. Lachiwiri lonena bambo ake: mwana wa Knud ndi Knudsen, mlongo wake ndi Knudsdatter, ndipo mwana wa Ole adzakhala Olsen, osati Knudsen. Lachitatu linali dzina la munda umene akukhalapo, monga Haugen, kutanthauza pachulu kapena pakaphiri. Limeneli silinali chiwongo ayi, linali ngati keyala, moti akasamukira pamunda wina linkasintha. Ku America adafunsidwa dzina limodzi lokhazikika. Ena adatenga la bambo, ena la munda, ena adayamba ndi Knudsen n'kusintha ataona kuti makalata awo akusokonekera ndi a Knudsen ena asanu a pa positi yomweyo. Abale atatu ankatha kukhala ndi mayina atatu. Pa mapepala a boma mudzapeza dzina limodzi, koma m'busa, amene ankadziwa aliyense ndi kwawo, kawirikawiri ankalemba onse awiri. Dzina la mundalo ndilo kiyi wanu wotsegulira Norway. Tsoka lake Haugen ndi dzina la minda yambirimbiri, ndiye mufunika kudziwa kaye parishi.

Parishiyo mudzaipeza m'kaundula wa mpingo, amene ankatchedwa ministerialbog. Musadalire boma pa zaka zoyambirira. Ku Wisconsin kulembetsa ana obadwa m'boma lonse kudakhazikika mu 1907, ndipo mapepala a kalembera wa dziko lonse wa 1890 adawonongeka ndi moto wa 1921. Kwa mwana wobadwa mu 1880 pamunda, mzere wa m'busa ungakhale umboni wokhawo wakuti adakhalapo. Kaundulayo adagawidwa m'magawo: døbte ndi obatizidwa, konfirmerede ndi otsiriza kalasi, ægteviede ndi okwatitsidwa, jordfæstede ndi oikidwa m'manda. Mawu osakwana makumi atatu akukwanirani kuwerenga buku lonse. Chovuta ndi kalembedwe ka dzanja ka abusa akale, kamene kamafuna masiku angapo kuti maso azolowere.

Anthu ambiri amathamangira ubatizo. Ine ndimayamba ndi gawo la otsiriza kalasi ndi la maukwati, chifukwa mwana amene adabadwira ku Norway n'kudzatsiriza kalasi ku America amalembedwa ndi malo obadwira. Mukasowa pa agogo enieniwo, yang'anani pa akulu awo ndi alongo awo. Samalaninso ndi masiku. Mukaona mawu akuti hjemmedøbt, ndiye kuti mwanayo adabatizidwa kunyumba ndi munthu wamba, mwina poopa kuti safika mawa, ndipo tsiku lachiwiri ndi limene abusa adadzatsimikiza ubatizowo. Chimodzimodzi maliro: munthu ankaikidwa ndi anansi, abusa n'kudzathira dothi katatu pamanda patapita milungu kapena miyezi. Ambiri alemba tsiku lolakwika la imfa pa mtengo wa banja chifukwa chosadziwa zimenezi.

Koma malangizo anga aakulu ndi awa: musakope mzere wa banja lanu lokha. Pa ubatizo uliwonse pali mboni zinayi kapena zisanu, zotchedwa faddere. Lembani mayina awo onse, pa ana onse. Mudzaona mayina omwewo akubwerezabwereza, ndipo mukawatsata mudzapeza kuti uyu ndi mlongo wa mayi, uyo adakwera naye sitima imodzi, winayo anali mnansi kwawo ku Norway. Onaninso mayina a ana: mwambo unali wakuti mwana wamwamuna woyamba atenge dzina la agogo a kuchimuna, wachiwiri la agogo a kuchikazi, atsikana chimodzimodzi, ndipo mwana akamwalira dzina lake linkapatsidwa kwa wotsatira. Mukapeza ana awiri otchedwa Anne m'banja limodzi, pitani kugawo la maliro. Kumeneko werengani tsamba lonse. Mukaona ana asanu a mabanja atatu m'mwezi umodzi, mwakumana ndi mliri wa matenda a pakhosi otchedwa diphtheria, umene udapulula ana m'zaka za m'ma 1880. Mukaona m'buku la msungichuma zopereka zitagwa pakati pa 1873 ndi 1877, ndi dzombe limene lidadya minda ya kumadzulo kwa Minnesota zaka zisanu zotsatizana.

Mabukuwo ali kuti ngati tchalitchi chidatsekedwa? Kawirikawiri adapita kumpingo wa m'tauni umene udalandira otsalawo, ndiye yambani kufunsa kumeneko mwaulemu, pokumbukira kuti mlembi wake mwina amagwira masiku awiri pa sabata. Mukalephera, nkhokwe ya ELCA yosunga za mipingo ya Minnesota, North Dakota ndi South Dakota ili pa Luther Seminary ku St. Paul, ya Wisconsin ndi Iowa ili pa Wartburg Seminary ku Dubuque, ndipo nkhokwe yaikulu ili ku Elk Grove Village ku Illinois. Makaundula ambiri adajambulidwa kale ndipo akupezeka pa Ancestry, tsamba la pa intaneti lofufuzira makolo. Kuti mudziwe mbiri ya mipingo iwiriyo, O. M. Norlie adasindikiza mu 1918 mabuku awiri otchula mipingo ya Lutheran ya anthu a ku Norway ku America, chaka choyambira, sinodi yake ndi abusa ake. Poti muli ku Wisconsin, Norwegian American Genealogical Center ku Madison ingakuthandizeni kuwerenga mapepala a m'bokosimo. Mukangopeza parishi, zotsalazo n'zosavuta kuposa mmene mukuganizira: makaundula a ku Norway ndi kalembera wa 1865, 1875 ndi 1900 ali pa intaneti kwaulere pa Digitalarkivet, ndipo madera ambiri ali ndi buku lotchedwa bygdebok lofotokoza munda uliwonse ndi onse amene adakhalapo. Musataye nthawi ndi Ellis Island, malo olandirira obwera ku New York, ngati adabwera 1892 isanafike, pakuti inali isanatsegulidwe, ndipo ambiri a m'zaka za m'ma 1850 ndi 1860 adalowera ku Quebec ku Canada.

Kaundula ali ndi pamene amakhala chete. Ambiri mwa obwerawo sadalowe mpingo uliwonse, ena chifukwa cha chopereka, ena chifukwa adatopa ndi abusa kwawo, ena adapita kwa a Methodist. Mwana wobadwa makolo asanakwatirane ankalembedwa uægte, ndipo amake ankatha kuimikidwa pamaso pa mpingo kapena kudulidwa, bambo wa mwanayo nthawi zina osatchulidwa n'komwe. Konzekerani kupeza zotere, ndipo muganize kaye musanaziulule pa chakudya cha Khirisimasi. Chachikulu chimene simudzachipeza m'bukumo ndi eni nthaka. Kum'mwera ndi kumadzulo kwa Minnesota kunali kwa anthu a mtundu wa Dakota, amene adalandidwa dera lalikululo ndi mapangano a 1851. Njala ndi kusalipidwa zimene adalonjezedwa zidabutsa nkhondo ya 1862, imene idapha anthu mazana ambiri kuphatikizapo alimi a ku Norway ndi Sweden. Pa 26 Disembala chaka chomwecho amuna 38 a Chidakota adanyongedwa ku Mankato, ndipo chaka chotsatira mtundu wawo udathamangitsidwa m'Minnesota. Maekala 160 aulere aja adachokera pamenepo. Ana anu, amene mbali ina ndi a ku Dedza, nkhani ya malo olandidwa sadzavutika kuimva.

Nanga amuna anu bwanji sadziwa zambiri? Musawadzudzule. Chinenero chidaduka mofulumira. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse aliyense wolankhula chilankhulo china ankakayikiridwa, moti mu Meyi 1918 bwanamkubwa wa Iowa, William Harding, adaletsa zilankhulo zachilendo m'sukulu, m'tchalitchi ngakhale pa telefoni. Lamulo la 1924 lidachepetsa obwera atsopano. M'zaka za m'ma 1920 mapemphero a Chingerezi adapitirira a Chinorway, ndipo mu 1946 mpingo waukulu udachotsa liwu lakuti Norwegian pa dzina lake. M'kaundula mudzaona tsamba limene m'busa adasinthira ku Chingerezi, ndipo pamanda mudzaona ziliza zikusintha kuchoka pa født ndi død kupita ku born ndi died. Kenako thirakitala idachita zotsalazo. America inali ndi mafamu 6.8 miliyoni mu 1935, lero ndi pafupifupi 2 miliyoni. Malo amene ankadyetsa mabanja anayi a ana asanu ndi atatu tsopano akulimidwa ndi munthu mmodzi, ndipo galimoto idafikitsa otsalawo kutauni m'mphindi khumi. Apongozi anu ali m'gulu la ana amene adatsiriza kalasi pamenepo n'kukwera basi ya ku Minneapolis.

Mpingo ukatha manda satha nawo. Pafupifupi paliponse pali kabungwe kapadera kosamalira manda, kokhala ndi thumba lake lotchetchera udzu, ndipo ndi kameneka kamene kadakulolani kukumba. Kali ndi mapu oonetsa mwini wa malo aliwonse, kuphatikizapo manda opanda chiliza, ndipo mungadzapeze kuti malo a apongozi anu adagulidwa ndi agogo awo zaka zana zapitazo pambali pa kamwana kamene palibe akukakumbukira. Matchalitchi ambiri otsekedwa amatsegulidwa kamodzi pachaka nyengo yotentha kapena kumapeto kwa Meyi pa Memorial Day, tsiku lokumbukira asilikali amene adafa kunkhondo, monga amachitira ku Valley Grove pafupi ndi Nerstrand, kumene mpingo udatha mu 1973 koma nyumba zake ziwiri, ya miyala ya 1862 ndi ya matabwa ya 1894, zikusamalidwabe. Funsani wa maliro amene adakuthandizani nambala ya mlembi wa kabungweko, mumve tsiku lawo la chaka chino. Mupite ndi ana, bokosi lija, ndi foni yodzaza moto. Mapemphero akatha padzakhala khofi ndi makeke, ndipo padzakhala gogo wina wa zaka za m'ma 80 amene amasunga kiyi. Mukhale naye pansi, mumuonetse chithunzi cha kalasi chija, mumufunse kuti amene aima pambali pa apongozi anu ndi ndani.